Masiku Amene Ndinasunga Kopolo

M'ma 1980, kumtunda

Ana anga, za ubwana wanga ku Khuyu, pachilumba cha Likoma, ndazilumpha dala. Amene ankazidziwa bwino anagona kale, ndipo otsalawo adzakuuzani mabodza awo ine nditapita, poti sindidzakhalapo kuti nditsutse. Ndiyambira pamene boma linandiveka ovolosi ndi magambutsi n'kunditumiza ku dipi ina ya kumtunda kwa Nkhata Bay, kukathandiza pa zaumoyo wa ziweto. Anthu ankangoti a Vetenale, ndipo dzinalo landikakamira mpaka lero, moti alipo adzukulu ena amene amayesa kuti ndi la ubatizo.

Bwana wanga anali a Mhone, Mtonga wamtali wosakonda kuseka. Tsiku loyamba anandionetsa ng'ombe yodwala, ine n'kuyamba kufunsa mwini wake mafunso ngati namwino wa kuchipatala. Anandisiya ndimalize, kenako anati, “Mama, wamva zimene wanena bamboyu. Tsopano ziiwale, upite ukafunse ng'ombeyo. Chiweto sichinama, wonama ndi mwini wake.” Atate anu a Banaba ankakonda kunena kuti a Mhone ndi amene anandisokoneza mutu, kuti ndinasiya kukhulupirira anthu chifukwa cha iwo. Si zoona zimenezo. Ndinabadwa choncho, iwo anangondipatsa chilolezo.

Zaka zimenezo tinkasowa chilichonse. Mankhwala a dipi akabwera, madzi kulibe. Madzi akapezeka, mankhwala atha. Njinga ya ofesi inali ndi tayala limodzi labwino limene tinkabwerekana ndi a zaulimi, ndipo singano zobayira tinkaziwiritsa m'chitini mpaka zinabuntha ngati misomali. Komabe ntchito ndinaiphunzira, makamaka ya chiwewe, chifukwa kumeneko ndinaona ndi maso angawa bambo wamkulu, wa ana ake, akufa nacho atamangidwa pabedi. Galu anangomukanda pang'ono pachala, iye osalabada. Sindifuna kulemba zambiri za bamboyo. Ndamutchula kuti mumvetse chimene chinali m'mutu mwanga pa zimene ndikufuna kukuuzani.

M'ma 1990, kwathu pachilumba

Nditakwatiwa ndinapempha kuti andisamutsire kwathu, ndipo anavomera msanga chifukwa panalibe wina wofuna kuwoloka nyanja. A Mhone anakhalabe bwana wanga, koma tsopano ankabwera pa sitima mwa apo ndi apo kudzayendera ntchito. Ofesi yanga ku Chipyela inali kachipinda kamodzi, tebulo, mfuti ya boma yokhomeredwa m'kabati, ndi firiji ya palafini imene inkazima ikafuna. Ng'ombe pano n'zowerengeka. Ntchito yanga inali mbuzi, nkhuku, abakha, ndiye agalu.

Pa Likoma munthu amayenda wapansi, ndipo kumene munthu wapita wapansi galu amatsatira. Nyengo yotentha, kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, ndi pamene zochitika zapabwalo zimachuluka: mpira, maukwati, magule a chioda ndi malipenga. A ku Yofu, a ku Khuyu, ena ochokera kutsidya ku Mozambique pa ngalawa, onse pabwalo limodzi, agalu ali m'miyendo mwawo. Lolemba lotsatira ndinkapeza anthu akundidikira pakhomo pa ofesi. Uyu galu wake wapsa mapazi ndi miyala yotentha, uyo wang'ambika khutu pa ndewu, wina watsamwa ndi minga ya nsomba imene ophika anataya kuseri, wina mbedza ili lende pamlomo. Ndinkalengeza m'tchalitchi, ndinkalankhula pamsika, kuti galu azitsala kunyumba, pamthunzi, ndi madzi ake. Ankandiyankha mwaulemu ndithu, “Tamva, a Vetenale,” Loweruka n'kubwera nawo onse.

Katemera wa chiwewe ankabwera pa sitima, akabwera n'komwe. Ena ankabisa agalu awo, ati galu wobayidwa amafooka, salonderanso nsomba zoyanikidwa pathandala. Ukawafunsa ankalumbira pali Mulungu kuti anabayitsa. Ndipo ngakhale agalu amene ndinawabaya ndi dzanja langa sindinkawadalira kwenikweni, chifukwa ndani ankadziwa kuti firiji ija yazima kangati ine kulibe?

Novembala wina, pabwalo la ku Chipyela

Kunali mpikisano wa malipenga, ndipo kunja kunatentha moti mchenga unkawotcha ngakhale utavala nsapato. A Mhone anali pachilumba sabata imeneyo, anawakhazika pampando wa alendo. Ine ndinapita ndi atate anu ndi iwe Monika, mwana wanga woyamba, uli mu sitandade thu.

Mtsogoleri wa gulu la ku Yofu, amene m'malipenga timamutcha Kingi, anali a Yohana, nkhalamba yonyada imene inagwira ntchito ku migodi ya ku Joni n'kubwerako ndi sutikesi ya zovala ndi chifuwa chosatha. Akazi awo anali atamwalira, ana onse ali ku Zimbabwe. Amene ankakhala naye panyumba anali galu wofiirira dzina lake Kopolo. Chaka chimenecho a Yohana anatsimikiza kuti a ku Khuyu asawapose, ndiye anaganiza zoti Kopolo agube nawo pambali pawo. Anadula jekete yawo yakale ya ubweya, yokhuthala ija yovala m'chisanu cha ku Joni, n'kumusokera galuyo, ndi mabatani onyezimira omwe. Pofuna kuti asauwe n'kusokoneza kulira kwa malipenga, kapena kutsomphola mandasi a anthu, anamumanga pakamwa ndi mpango woyera. Anayenda naye choncho kuchokera ku Yofu dzuwa likuswa mtengo.

Atalowa pabwalo anthu anachita ngati apenga. Amayi nthungululu, ana kugubuduka ndi kuseka, ena kukuwa, “Kopolo wakwezedwa, tsopano ndi Sajeni!” Ine ndinaona ngozi. Galu satuluka thukuta ngati ife. Thupi lake limazizira ndi lilime, akamapuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa. Kumumanga pakamwa nthawi ngati imeneyo, atavala ubweya pamwamba pa ubweya, kuli ngati kumutsekera mu uvuni wa njerwa. Atazungulira naye bwalo anakamumangirira pamtengo wa golo, padzuwa penipeni, gule n'kupitirira. Ndinayamba kudzipanikiza pakati pa anthu kuti ndikafike, koma ndinali tsidya lina ndipo palibe ankafuna kupatuka.

Iwe unali wamng'ono, unadutsa m'miyendo mwa anthu n'kuyamba kufika. Unali utandimva kunyumba ndikudandaula za agalu padzuwa mpaka zinakulowa. Unagwada n'kumasula mpango uja. Kopolo anali atasokonezeka kale mutu ndi kutentha, sankaonanso kuti uyu ndani. Anakugwira dzanja lamanja, mano n'kulowa.

Utakuwa, anthu anatembenuka n'kuona galu akudzandira, maso ali psuu, dovu lokhuthala likuyoyoka, lilime lada. Mayi wina anakuwa kuti, “Chiwewe!” Ng'oma zinaleka. Sindinaonepo miyala ikutoledwa msanga chotero.

Ndinakunyamula n'kuthamangira kwa amayi ogulitsa thobwa, amene anali ndi ndowa ya madzi ndi sopo wotsukira makapu. Ndinakupereka kwa atate anu. “Tsukani balali, musasiye, ngakhale alire bwanji, mpaka sopoyu achepe. Mukatero thamangani naye kuchipatala.” Iwo anati, “Nanga iwe ukupita kuti?” Ndinabwerera ku golo kuja n'kuima pakati pa galu ndi anthu. Mwala umodzi unandipeza pamsongolo.

“Chokanipo, a Vetenale!”

“Waluma mwana wanu yemwe, mukumutetezeranji?”

“Eya, waluma wanga,” ndinatero, “ndiye mlandu ndi wanga. Amene aponye mwala wina ndamuona nkhope, ndipo mbuzi yake ikadzadwala adzaitane mwala womwewo.”

Wina kumbuyo anati, “Mayi uyu anabereka galu, mwanayo n'ngotola!” Ena anaseka, ndipo kusekako kunandithandiza, chifukwa munthu amene akuseka sagenda bwino.

A Yohana anafika, ndodo yawo ya Ukingi ili m'manja. “Amake Monika, galuyu anabayidwa, ndikulumbira.”

“Anabayidwa ndi ndani, a Yohana? Wobaya pachilumba pano ndine ndekha. Ndipo mwezi watha munawoloka naye kutsidya kukagula nkhuni, ndinakuonani pagombe. Anakumana ndi agalu ati kumeneko?”

Anaweramitsa mutu. Pamenepo a Mhone anabwera n'kuima pafupi nane, n'kulankhula motsitsa mawu kuti anthu asamve. “Mama, ine ndikuona ngati n'kutentha chabe, iwenso ukuona choncho. Koma kuona ngati si kudziwa. Njira uli nazo ziwiri. Nditume munthu akatenge mfuti, mutu ndipite nawo kumtunda ukayezedwe. Koma sitima ili kutali, ayezi palibe, ukafika utavunda ndipo sadzakuuza kanthu. Apo ayi umusunge wamoyo masiku khumi. Ngati anali ndi chiwewe m'malovu lero, masiku amenewo sawadutsa. Akawadutsa, mwana wako alibe kanthu. Koma akakupulumuka n'kukaluma mwana wa wina, ine sindidzakuikira kumbuyo, ndipo pachilumba pano sudzakhalaponso.”

“Inuyo mukanatani, bwana?”

“Ndikanawombera. Mwana si wanga, ndipo ine ndimakonda tulo. Sankha wekha.”

Ndinayang'ana galu uja atagona chammbali, nthiti zikukwera n'kutsika. Akanafa pamenepo, kaya ndi mfuti, kaya ndi miyala, kaya ndi dzuwa, ine ndikanakhala miyezi ndikukuyang'anitsitsa iwe Monika, mutu ukangokupweteka pang'ono mtima uli m'mwamba. Chiwewe chimatha kubisala m'thupi mwa munthu nthawi yaitali. Yekhayo amene akanandiuza zoona za mwana wanga anali galu ameneyo, ndipo akanandiuza pokhapokha ali moyo.

“Ndimusunga,” ndinatero.

A Mhone anavula jekete yawo, n'kupinda malaya, n'kundithandiza. Tinamukola khosi ndi chingwe chapandodo kuti asatifikire, ndinang'amba jekete ya ku Joni ija ndi mpeni a Yohana akuonerera, n'kumukokera pa thumba mpaka pansi pa mlambe. Amayi a ku Yofu anatunga madzi kunyanja. Tinamuthira pang'onopang'ono pamimba, m'khwapa, m'mapazi, a Mhone akumukupiza ndi chipewa chawo. Sitinamukakamize kumwa, tinangomuikira beseni pafupi. Patapita nthawi anadzutsa mutu n'kuyamba kukhatira. Anthu otsala anati, “Wamwa madzi! Si chiwewe!” Ine sindinakondwere nawo. Kuopa madzi n'kwa munthu wodwala chiwewe. Galu amatha kumwa ndithu masiku oyamba.

Masiku otsatira, kunyumba ku Khuyu

Kuchipatala anakutsuka bwino n'kukubaya jakisoni wa kafumbata, koma katemera wa chiwewe wa anthu anali atatha. Anatumiza uthenga kumtunda, ndipo katemerayo anabwera pa sitima yotsatira. Unayamba kubayidwa, inde, koma mochedwa, ndipo ine ndinkadziwa mmene katundu amakhalira padzuwa pa sitima. Maso anga anali pa Kopolo basi.

A Yohana anapempha kuti akamusunge okha ku Yofu. Ndinakana. Kunyumba kwa mng'ono wawo kunali galu wina wobadwa limodzi ndi Kopolo, wofiirira chimodzimodzi, ndipo Kopolo akanafa akanatha kundionetsa winayo n'kumandiuza kuti ali bwino. Ndinamupaka khutu lamanzere mankhwala a zilonda aja a mtundu wa pepo, osachoka msanga, n'kumutsekera m'khitchini yathu ya njerwa, yofolera udzu, imene inali pansi pa mtengo wa mango. Pawindo ndinakhomapo waya, pachitseko loko watsopano, kiyi ndinamumangirira pa nsonga ya chitenje changa. Kuphika tinkaphikira panja. A Yohana ndinawaletsa kuponda pakhomo.

Pamudzi sipanali bwino. Azimayi anasiya kudutsa njira ya kwathu, ana awo anawaletsa kusewera nanu. Atate anu anabwera kuchokera kunyanja n'kunena kuti, “Amake Monika, anzanga akundifunsa ngati galuyu tikumuyalira pabedi pathu.” Ndinati awauze kuti inde, ndipo iwo akugona pansi. Sanaseke.

Tsiku lina masana kunabwera agogo anu a Sesiliya, amayi a atate anu, ndi kambale kovindikira. Mayi ameneyo chiyambire anali asanapatsepo galu ngakhale fupa.

“Amake Monika, ndabweretsa ka utaka, mlendo wanu wolemekezeka adyeko.”

“Zikomo, apongozi. Ikani pomwepo, ndimupatsa kukazizira.”

“Mumupatse pompano, ndione mmene amadyera galu wovala jekete.”

“Wangodya kumene, apongozi. Akadya kawiri amachita mwano.”

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Atachoka ndinakataya nsombazo m'chimbudzi, mbale n'kuikwecha ndi phulusa. Mpaka lero sindidziwa ngati munali mankhwala a makoswe kapena ayi. Mwina unali utaka chabe. Sindinawafunse, iwonso sanafunse ngati galu anadya, ndipo tinakhala mwamtendere mpaka anamwalira.

Chimene chinandithyola ndi chakuti Kopolo anasiya kudya. Masiku oyamba ankanyambitako phala, kenako analekeratu. Ankangogona pakona, maso kuchitseko, n'kumalira ndi mawu osasa. Mukudziwa chimene kusadya ndi kusasa mawu kumatanthauza kwa munthu wa ntchito yanga. Ndinkasuzumira pawaya kuona ngati chibwano chagwa, ngati miyendo yakumbuyo ikukoka. Kenako ndinkabwera kwa iwe, uli pamkeka ndi dzanja lomangidwa bandeji, n'kumakufunsa ngati pabalapo pakuyabwa, ngati pakuchita dzanzi, mpaka unandiuza kuti, “Amayi, mwandifunsa kale.” Ndinasiya kudya inenso.

Amene anaona chimene ine sindinkaona ndi atate anu. Anandikokera pambali n'kundilozera thanthwe la patsidya pa njira. A Yohana anali atakhala pamenepo, chipewa pabondo. “Nkhalamba ija imabwera tsiku ndi tsiku kuchokera ku Yofu, imakhala pamwala paja mpaka dzuwa litapendeka. Galuyu akumva fungo lake. Iwe ukuti akudwala, ine ndikuti akulira mwini wake. Aitane.”

“Nanga akabwera ndi mankhwala awo achikuda, n'kubisa zizindikiro?”

“Ndiye uwasechetu, si umatha?”

Ndinawasechadi. Kingi wathunthu wa ku Yofu ndinamuuza atembenuze matumba a buluku ndi a malaya, iye n'kutembenuza osawiringula. Munatuluka fodya ndi kolona basi. Chakudya ndinaphika ndekha, kondowole wofewa ndi msuzi wa nsomba yochotsa minga, n'kuwapatsa mbale kuti alowetse pansi pa chitseko ndi ndodo.

“Musalowetse dzanja, a Yohana. Mukalumidwa inunso ndilibe khitchini ina.”

Anaima njo patsogolo pa chitseko, anakhosomola chifuwa chawo cha ku migodi chija, kenako anakuwa ngati ali pabwalo. “Kopolo! Atensheni!”

M'katimo munamveka mchira ukumenya pansi, phwa, phwa, phwa. Ndinathamangira pawindo. Galu uja anali ataimirira, makutu ali tcheru, akununkhiza pansi pa chitseko. Anakhuthula mbale yonse, n'kuinyambita mpaka kuikankhira kukhoma. A Yohana anakhala pansi padothi ndi buluku lawo lositidwa, n'kumalankhula naye ngati munthu. “Ndinakulakwira, mnzanga. Ndinkafuna a ku Khuyu aone. Aonatu.” Kuyambira pamenepo ndinawalola kubwera m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zonse ndinkawasecha.

Masiku khumi atakwana atate anu anadzuka n'kunena kuti, “Akwana.” Ndinati, “Akwana kwa inu.” Ndinamusungabe mpaka Lamulungu lotsatira. Kopolo anali atanenepa, akuuwa mbuzi za eni ake kudzera pawaya ndi mawu ake onse.

Titaweruka ku Misa a Yohana anabwera ndi chingwe. Ndinaona khutu kaye, mtundu wa pepo uja unalipo. Ndinamasula kiyi pachitenje n'kutsegula. Galu anatuluka ngati mphepo, anawalumphira pachifuwa mpaka nkhalamba inatsala pang'ono kugwa.

“Amake Monika,” anatero atapuma, “nanga malipenga a pa Khrisimasi? Ndikamusiya yekha kunyumba amadula chingwe n'kunditsatira.”

“Mubwere naye m'mamawa kusanatenthe, wamaliseche monga anabadwira, kukamwa kuli kwake. Mukafika mundipatse ine. Akakhale pansi pa mlambe uja ndi beseni la madzi mpaka gule atatha. Ndipo mawa m'mawa ndimufuna ku ofesi, ndimubaye ndikuona ndi maso anga.”

“Nanga a ku Khuyu akabwera ndi awo?”

“Awonso chimodzimodzi. Mlambewo ndi waukulu.”

Ndi mmene zinayambira zimene munakula mukuziona, ine nditakhala pansi pa mlambe pa chochitika chilichonse cha nyengo yotentha, agalu atamangidwa motalikirana kuti asalumane, aliyense ndi madzi ake, gule ndikungomumvera kutali. Ndinachita zimenezo mpaka ndinapuma ntchito. Anthu sanasiye kubwera ndi agalu, koma anaphunzira kowasiya.

Tsiku limenelo ndinaima pakhomo kuwaonerera awiriwo akukwera njira ya ku Yofu, nkhalamba patsogolo, galu akuthamangira uku ndi uku. Kuseri kwa nyumba iwe Monika unali ukusewera phada ndi anzako amene amayi awo anali atawamasula, ukuwakha mwala ndi dzanja lomwe lija, ukukangana nawo kuti akubera. Kukaphika sindinapite. Ndinakhala pakhonde, kenako ndinagona chammbali pasimenti, ndi zovala za kutchalitchi zomwe. Atate anu akuti anandiitana kuti tiyi wapsa, ine osamva. Ndinagona masana onse, anthu akudutsa m'njira, kiyi ali lende pachitseko pamene aliyense akanatha kumutenga.